Makompyuta akamapangana okhaokha, ndani adzalankhulire mayi wa ku Libuyu?

Ndege yochokera ku Johannesburg ikamatsika kuti itere pabwalo la Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone, okwera ambiri maso amakhala ali pazenera kufunafuna utsi wa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Pa nthawi yomweyo m'ndegemo mumakhala kachipangizo kena kali kalikiliki kufunsa ndege zoyandikira kuti zili pati ndiponso zakwera kufika pati. Kumwambako ndege sizisowa, pakuti kutsidya kwa Zambezi, ku Zimbabwe, kuli bwalo linanso lalikulu la Victoria Falls. Kachipangizoka ndi TCAS. Kakaona kuti ndege ziwiri zalunjikana, kamalankhulana ndi kanzake ka m'ndege inayo, ndipo m'masekondi owerengeka tiwiriti timamvana kuti iyi ikwere, inayo itsike. Woyendetsa aliyense amangomva mawu omuuza chochita. Pa kamphindi kameneko palibe munthu wapansi amene amalowererapo.

Akatswiri a makompyuta mapulogalamu oterewa amawatcha ma agent. Ndi mapulogalamu amene amaona zomwe zikuchitika pomwe ali, n'kusankha okha chochita, ndipo ntchito ikawakulira amaitana anzawo. Nkhani yawo yafika pakamwa pa aliyense masiku ano chifukwa cha AI, koma inayamba kale. Mu 1980 katswiri wina, Reid G. Smith, anafalitsa njira yotchedwa Contract Net, yomwe mpaka lero ndi maziko a zambiri. Aliyense amene anaimapo pamsika wa Maramba m'mawa akhoza kuimvetsa msanga. Mayi watsitsa matumba asanu a kapenta, sangathe kuwanyamula yekha, ndiye amangokweza mawu. Anyamata a mawilibala amathamangira, uyu akutchula mtengo wake, uyo akuti wilibala yake ndi yaikulu, winayo akuti ali ndi katundu kale koma abwerera msanga. Mayiyo amasankha mmodzi kapena awiri, katundu amafika pabenchi, ndalama zimaperekedwa, gulu lija n'kubalalika mpaka wina aitanenso. Mu Contract Net pulogalamu imodzi imalengeza ntchito, ena amanena zomwe angathe ndi zomwe zingawadyere, wolengezayo n'kupereka ntchito kwa woyenera. Amene walemba anzake ntchito pano, pakapita kanthawi ndi iyenso amene walembedwa.

Ofufuza anapitiriza kuchokera pamenepo. Mu 1998 Onn Shehory ndi Sarit Kraus anaonetsa momwe ma agent angapangire timagulu pamene ntchito yaposa mphamvu za mmodzi, popanda wamkulu wowagawira. Chaka cha 1997 ku Nagoya, m'dziko la Japan, kunayamba mpikisano wa RoboCup, kumene maloboti ndi mapulogalamu amasewera mpira wamiyendo, ndipo cholinga chomwe oyambitsa anadziikira n'choti pofika 2050 timu ya maloboti idzagonjetse akatswiri a World Cup. Mpira anausankha dala. Wosewera aliyense amangoona mbali imodzi ya bwalo, nthawi yokhala pansi kukambirana palibe, koma chigoli ndi cha timu yonse.

Livingstone ndi malo amene nzeru imeneyi ingagwire ntchito kuposa matauni ambiri, chifukwa mavuto ake aakulu alibe mwini mmodzi. Mtsinje ndi wa mayiko angapo. Magetsi amadutsa malire. Njovu zimawoloka Zambezi mmene zafunira. Mathiraki amene amadzaza msewu wa Nakatindi amachokera pamlatho wa Kazungula, wotalika mamita 923, womwe unatsegulidwa mu May 2021 pamalo pomwe Zambia, Botswana, Namibia ndi Zimbabwe zimayandikana. Pa zonsezi palibe ofesi imodzi imene ingalamule ena onse, ndipo palibe boma lomwe lingalole kuti makompyuta a dziko loyandikana nalo aziliuza chochita. Chomwe chingatheke ndi chakuti aliyense akhale ndi pulogalamu yake yomuyimirira, yosunga zinsinsi zake, koma yodziwa kukambirana ndi ya mnzake.

Nkhani ya magetsi ndiyo ikuonetsa bwino zimenezi, ndipo anthu a ku Livingstone sanaiwale chaka cha 2024. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chagwetsa dziko m'tsoka. Bungwe la Zambezi River Authority, lomwe Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa mu 1987 kuti liziyang'anira damu la Kariba, linagawira makampani awiri a magetsi madzi okwana makyubiki mita 16 biliyoni okha a chaka chonse, theka uku theka uko. Pofika September, siteshoni ya Kariba North Bank, yomwe madzi akakhala okwanira imapanga mamegawati 1,080, inatsala ndi makina amodzi okha ozungulira mwa asanu ndi limodzi. M'madera ambiri magetsi ankazima maola 21 pa tsiku. Wometa tsitsi ankadzuka pakati pa usiku kukatchaja makina ake, wowotcherera zitsulo ankagona pashopu kudikira kuti mwina ayaka, ndipo ogulitsa nsomba ndi nyama ankataya katundu wawo atawola m'mafiriji. Chowawa kwambiri kwa munthu wa m'tauniyi chinali chakuti pamathithi pomwepo pali siteshoni ya mamegawati 108 ya kampani ya magetsi ya ZESCO, koma magetsi ake amalowa m'mawaya a dziko lonse.

Palibe pulogalamu imene ingagwetse mvula ku Chavuma kapena ku Angola kumene Zambezi amatunga madzi ake. Funso ndi lakuti zochepa zomwe zilipo zigawidwa bwanji, ndipo apa kupangana kwa makompyuta kunayamba kale pang'ono. Kuyambira mu 1995 makampani a magetsi a m'mayiko 12 a kum'mwera kwa Africa ali mu Southern African Power Pool, yomwe likulu lake lili ku Harare. Pamsika wake wa tsiku ndi tsiku kampani iliyonse imanena magetsi omwe ikufuna kugula kapena kugulitsa pa ola lililonse la tsiku lotsatira, kompyuta n'kulumikiza ogula ndi ogulitsa poyang'ananso ngati mawaya angathe kunyamula. Amene amaika mitengoyo akadali anthu, koma kachitidwe kake ndi komwe kaja ka kulengeza, kupikisana ndi kupatsana.

Ku Spain, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya magetsi ya Iberdrola inayesa china chomwe akuluakulu a kuno ayenera kuchiphunzira. M'chipinda choyang'anira mawaya munali kale mapulogalamu angapo opangidwa pa nthawi zosiyana ndi anthu osiyana: ina yofufuza gwero la vuto kuchokera ku ma alamu, ina yoona dera lomwe lazima, ina yokonza ndondomeko yobwezera magetsi. Iliyonse inkagwira yokha. Pulojekiti ya ARCHON, momwe munali katswiri wa ku Britain Nick Jennings, siinataye mapulogalamu akalewo. Inangowonjezera pa iliyonse gawo lodziwa zomwe iyo ingathe, zomwe anzake angathe, ndi nthawi yoyenera kuuza mnzake zomwe yapeza. Mphepo yamkuntho ikagwetsa mawaya, ma alamu ankabwera mazanamazana, ndipo mapulogalamuwo ankathandizana kupeza msanga pomwe pavuta. Kwa dziko lomwe ndalama zake ndi zowerengeka, phunziro lake ndi lokoma: sikofunika kugula chimakina chimodzi chodziwa zonse, zomwe zilipo kale zikhoza kuphunzitsidwa kulankhulana.

Livingstone wa lero ali ndi zambiri zoti zilankhulane. Chilala chija chinachititsa mahotela ndi malo ogona alendo a m'mphepete mwa mtsinje, masitolo ndi mabanja opeza bwino kugula mapanelo a sola ndi mabatire. M'chaka chomwecho boma linakhazikitsa malamulo olola munthu wokhala ndi sola kubwezera magetsi otsala m'mawaya a ZESCO. Masana a mu October, dzuwa likuswa mtengo, mabatire ambiri amakhala atadzaza kale pamene mapampu a madzi a kampani ya Southern Water and Sanitation akufuna mphamvu yokankhira madzi ku Dambwa ndi ku Linda. Batire lililonse litakhala ndi pulogalamu yake, mapampu ndi yawo, chipatala chachikulu ndi yake, transifoma ya m'dera ndi yake, pampu ikhoza kulengeza kuti ikufuna mphamvu yochuluka chonchi kwa maola awiri, mabatire khumi n'kupanga gulu lokwaniritsa zimenezo, gulu lija n'kutha ntchito ikatha. Palibe munthu angakwanitse kuimba mafoni onsewo mphindi iliyonse. Makompyuta angathe.

Koma apa m'pamene pagona nkhawa yaikulu. Pulogalamu imapikisana pa chimene yauzidwa kuti ndicho chofunika. Ikauzidwa kuti wopambana ndi wolipira kwambiri, ndiye kuti ola lililonse hotela yolandira alendo olipira madola idzapambana, ndipo mayi wogulitsa mafiriziti ku Libuyu adzaluza. Adzaluza mopanda phokoso, mopanda munthu womuuza kuti walandidwa, pakuti aliyense adzangoti ndi kompyuta yagawa. Mndandanda wa kuzima kwa magetsi wolembedwa ndi munthu uli ndi zofooka zake, komabe wolembayo ali ndi dzina ndi ofesi, ndipo khansala akhoza kupita kukamufunsa. Mgwirizano wa mapulogalamu makumi asanu ulibe nkhope yoti munthu akaiyang'ane. N'chifukwa chake malamulo a kagawidwe ayenera kulembedwa poyera makinawo asanayatsidwe: kuti chipinda cha opareshoni ndi mafiriji a katemera sizilowa pampikisano, kuti komboni iliyonse ili ndi maola ake omwe ndalama ya wina singagule, ndiponso kuti m'gulumo muli pulogalamu yoyimirira mabanja osauka yomwe mawu ake amawerengedwa. Zimenezi si ntchito ya injiniya yekha. Ndi ntchito ya khonsolo ya mzinda, bungwe la Energy Regulation Board, mafumu ndi makomiti a m'misika.

Ku njovu nkhani yake ndi yofanana, koma ili ndi minga ina. Kalembera wa m'ndege wa 2022 anapeza kuti m'dera la KAZA, lomwe Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe amasamalira limodzi, muli njovu pafupifupi 227,900, ndipo atsogoleri a mayikowa anakumana ku Livingstone konkuno mu May 2024 kukambirana za derali. M'chilimwe njovu zimatuluka m'paki ya Mosi-oa-Tunya kulowa m'makomboni oyandikana nayo, kuthyola mipanda, kudya mango ndi ndiwo za m'madimba, ndipo anthu akhala akufa pokumana nazo usiku kapena mbandakucha. Njovu zina zinavekedwa kale makolala otumiza uthenga wa komwe zili, ndipo mapaki ambiri mu Africa amagwiritsa ntchito pulogalamu ngati EarthRanger kuzitsata. Chosowa ndi chakuti kolala yoikidwa ndi ofufuza a ku Zimbabwe ithe kuchenjeza askauti a ku Zambia njovu isanamalize kuwoloka, pulogalamu ya askauti ipeze galimoto yomwe ili pafupi, ina itumize uthenga kwa anthu a m'dera lomwe ikulowera. Mwana wopita kusukulu 6 koloko m'mawa akhoza kupulumuka ndi uthenga umodzi wotere. Komatu uthenga wonena pomwe pali njovu yaminyanga ikuluikulu ndi womwenso wopha nyama mozemba amaufunafuna, choncho pulogalamu iliyonse iyenera kudziwa chomwe ingauze mnzake ndi chomwe iyenera kubisa. Ndipo chenjezo lobwera m'Chingerezi pa foni yodula silithandiza gogo wa ku Nakatindi. Liyenera kufika pa kafoni kamabatani, m'Chitonga, m'Chilozi ndi m'Chinyanja.

Za pamalire n'zosachita kufotokoza zambiri. Pa Kazungula maofesi a mayiko awiri anaikidwa kale pamalo amodzi kuti dalaivala aziima kamodzi kokha, ndipo makompyuta a kasitomu, a kampani ya thiraki ndi a wokonza mapepala atamapangana okha za ola lofikira, madalaivala sangamagonenso m'mphepete mwa msewu kudikira pepala limodzi.

Mapulogalamu akamagwira ntchito limodzi amathanso kusokonezana moopsa, ndipo mbiri ili ndi zitsanzo. Mu April 2011 buku lina lonena za ntchentche linafika pa mtengo woposa madola 23 miliyoni pa Amazon. Ogulitsa awiri anali atasiyira mapulogalamu ntchito yoika mitengo: wina ankaika wake pansi pang'ono pa wa mnzake, winayo ankakweza wake ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi pamwamba pa wa mnzakeyo. Iliyonse inkachita ndendende zomwe inauzidwa, tsiku ndi tsiku, mpaka munthu anazindikira. Pamenepo palibe anavulala. Pa 6 May 2010 zinali zina: pamsika wa masheya ku New York chiwerengero cha Dow Jones chinagwa ndi mapointi pafupifupi 1,000, ambiri mwa iwo m'mphindi zochepa, n'kubwereranso, pamene mapulogalamu ogula ndi kugulitsa ankapatsirana katundu mofulumira kuposa mmene munthu angatsatire. Vuto lotere siliwoneka poyesa pulogalamu iliyonse payokha, limabadwa pakati pawo.

Chitsanzo chowawitsa ndi cha TCAS yomwe ija. Usiku wa pa 1 July 2002, pamwamba pa tauni ya Überlingen ku Germany, ndege ya Bashkirian Airlines yochokera ku Russia ndi ndege ya katundu ya DHL zinalunjikana. Tizipangizo tiwiri tija tinamvana bwino lomwe: ya DHL itsike, ya ku Russia ikwere. Koma woyang'anira ndege ali pansi, osadziwa zomwe makinawo apangana, anauza ya ku Russia kuti itsike, ndipo oyendetsa anamvera munthuyo. Ndege zonse ziwiri zinatsika n'kuwombana. Anthu 71 anafa, ambiri mwa iwo ana. Pambuyo pake malamulo a ndege anamveketsedwa kuti TCAS ikalamula, woyendetsa atsate iyo ngakhale wapansi anene zosiyana.

Anthu ambiri akamva za AI amathamangira kunena kuti munthu ndiye azikhala ndi mawu omaliza nthawi zonse. Ngozi ya ku Überlingen ikuonetsa kuti nkhaniyi ndi yovutirapo. Pali zosankha za m'masekondi, monga kuzimitsa waya womwe wagwa, zomwe makina ayenera kuchita osadikira munthu. Palinso zosankha monga kuti ndi dera liti ligone mumdima sabata ino, kapena ngati njovu yovutitsa iwomberedwe, zomwe makina sayenera kuzigwira ngakhale pang'ono. Choopsa ndi kusiya malire a ziwirizi osalembedwa, kuti pa tsiku la mavuto injiniya wa usiku asadziwe ngati amvere kompyuta kapena bwana wake.

Nthawi yoganizira zimenezi ndi yochepa, chifukwa zinthu zikuthamanga. Mu November 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, njira yoti mapulogalamu a AI azilumikizana ndi zida ndi nkhokwe za uthenga. Mu April 2025 Google inatulutsa Agent2Agent, yoti ma agent a makampani osiyana azitha kudziwana ndi kupatsana ntchito, ndipo pasanapite miyezi itatu inaipereka m'manja mwa Linux Foundation kuti isakhale ya kampani imodzi. Ma agent atsopanowa amalankhula chinenero cha anthu, amatha kulemba makalata, kusungitsa malo ogona ndi kukambirana mitengo. M'tauni yodalira alendo ngati Livingstone adzafika kudzera kwa alendowo: pulogalamu ya munthu ali ku London idzapangana ndi ya hotela, ya kampani ya mabwato ndi ya galimoto, ulendo wonse n'kutha kukonzedwa asanakwere ndege. Wa takisi yabuluu woima pa Mukuni Park, wogulitsa ziboliboli ndi mnyamata woperekeza alendo wopanda ofesi, ngati alibe pulogalamu yowalankhulira, sadzamva n'komwe kuti ntchito inalengezedwa. Mabungwe awo ayenera kuyamba kulemba mamembala, mitengo ndi ntchito zawo m'njira yomwe makina angawerenge, ndipo unduna wa zokopa alendo uyenera kuwathandiza pa zimenezi monga momwe umathandizira mahotela pa zionetsero za kunja.

Ma agent a mtundu watsopanowu alinso ndi chilema chomwe TCAS ilibe: amatha kunena zabodza molimba mtima, ndipo mmodzi akalakwitsa, anzake amamanga pa cholakwikacho. Posungitsa bwato la kokayenda madzulo zimenezi n'zopiririka. Pa mavavu a madzi kapena maswitchi a magetsi, ayi. Kumeneko kumafunika mapulogalamu ang'onoang'ono ochita chinthu chimodzi chodziwika, omwe zochita zawo zonse zimalembedwa kuti munthu adzathe kuzitsata.

Zambia ili ndi poyambira. Lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act, linakhazikitsidwa mu 2021, ndipo mu November 2024 nduna ya zaluso ndi sayansi, a Felix Mutati, anakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya AI. Zolembedwazi zimanena zinthu zapamwamba; mayeso ake enieni adzakhala pa tebulo la khonsolo tsiku lomwe wogulitsa adzabwere ndi pulogalamu yake yonyezimira. Makhansala ayenera kumufunsa ngati pulogalamuyo ingalankhulane ndi ya kampani ina kapena idzawamangirira kwa iye mpaka kalekale. Ayenera kufunsa komwe uthenga wa anthu a m'tauni udzasungidwe, amene adzalipire zinthu zikawonongeka pamene mapulogalamu asanu a eni asanu anatengapo mbali, ndiponso ngati intaneti itaduka pampu ya madzi idzapitirize kugwira yokha. Afunsenso kuti ndi ophunzira angati a ku Livingstone Institute of Business and Engineering Studies amene adzaphunzitsidwe kuikonza, kuti ikadzafa asadikire munthu wochokera ku Johannesburg.

Koyambira kwabwino ndi kwakung'ono: waya umodzi wa magetsi wokhala ndi kiliniki, pampu ya madzi, msika ndi nyumba zingapo zokhala ndi sola. Malamulo a kagawidwe akambidwe pamsonkhano wa wadi, amatidwe pakhoma la kiliniki m'zinenero za anthu a m'deralo, ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse khonsolo itulutse maola omwe aliyense analandira magetsi. Chilimwe chimodzi chitatha, anthu a m'deralo ndiwo anene ngati waya wachiwiri uwonjezeredwe.